Mafunso a Owerenga: Kodi M'kabokosi Kakang'ono ka Kompyuta Mpweya Udutsa Pati?

Makalata anayi a mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya mabokosi ang'onoang'ono a kompyuta ndi momwe zipangizo za mkati mwake zimaziziritsidwira. Kalata yoyamba tayipatsa malo ambiri chifukwa yankho lake likuthandizanso pa enawo.

FUNSO: Zikomo alangizi. Ine ndimakhala ku Blantyre ndipo ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Chipinda chomwe ndimagwiriramo ntchito ndi chaching'ono, moti bokosi lalikulu la kompyuta lomwe ndili nalo limakhala pansi pa tebulo, pomwe limangomeza fumbi. Achimwene anga omwe ali ku Johannesburg alonjeza kundigulira bokosi laling'ono la Cooler Master NR200P, ndipo ndikufuna kuikamo purosesa ya Ryzen 5 7600 pamodzi ndi khadi la zithunzi la RTX 4070. Nkhawa yanga ndi yakuti zipangizozi zikapanikizana m'kabokosi kotere zingapse, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Kodi mkati mwake zinthu zimakhala motani, ndipo ndigule choziziritsa cha madzi kapena cha mpweya? — Wowerenga wa ku Blantyre

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kufunsa achimwene anu asanatulutse ndalama, chifukwa pa mabokosi ang'onoang'ono anthu ambiri amalakwitsa pogula, osati pomanga. M'bokosi lalikulu munthu akaphonya muyeso ndi masentimita awiri palibe chimavuta, koma m'bokosi ngati limeneli mamilimita atatu okha amakwanira kuti chitseko chikane kutsekeka, ndipo katundu yemwe wayenda ulendo wonse kuchokera ku Johannesburg sabwezeka msanga kwa wogulitsa.

Bokosi la NR200P linatuluka m'chaka cha 2020 ndipo kukula kwake ndi malita 18 ndi pang'ono, kutanthauza kuti ndi locheperako poyerekeza ndi chigubu chotungira madzi cha malita 20. Limalandira motherboard (bolodi lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ya mtundu wa Mini-ITX, yomwe ndi ya mamilimita 170 mbali zonse, muyeso womwe kampani ya VIA Technologies inayambitsa mu 2001. Ya ATX, yomwe mwina ili m'bokosi lanu lakale, ndi ya mamilimita 305 m'litali ndi 244 m'lifupi, choncho siingalowe ngakhale mutaikakamiza bwanji. Motherboard ya Mini-ITX imakhala ndi malo amodzi okha olowetsa khadi la zithunzi (chipangizo chokonza zooneka pa sikirini), ndipo zambiri zimakhala ndi malo awiri okha a RAM (momwe kompyuta imasungamo mongoyembekezera zomwe ikugwirapo ntchito). Poti ntchito ya makanema imadya RAM kwambiri, gulani yokwanira ulendo woyamba womwewu, pakuti simudzapeza powonjezera mawa popanda kuzula yomwe ilipo.

Mukachotsa chitseko cha kumanzere, mudzaona kuti motherboard imaima chilili pa khoma la mkati chakumbuyo, ndipo power supply, chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta, imapachikidwa chakutsogolo. Power supply imeneyi ikhale ya mtundu waung'ono wa SFX, womwe muyeso wake ndi mamilimita 125, 63.5 ndi 100. Ya SFX-L, yomwe ndi yotalikirapo ndi mamilimita 30, imalowanso, koma imatsikira kufupi ndi khadi la zithunzi ndipo mawaya ake amakhala othinana, choncho ine ndingasankhe ya SFX yomwe mawaya ake amazuka, kuti osafunika atsale panja. Khadi la zithunzi limagona chopingasa pansi penipeni, mafani ake atayang'ana pansi pomwe pali mabowo olowera mpweya, ndipo bokosili limalola khadi lotalika mpaka mamilimita 330 komanso lokhuthala mpaka mipata itatu ya kumbuyo. Dziwani kuti dzina lakuti RTX 4070 silinena za kukula kwa khadi, chifukwa makampani osiyanasiyana amaika zoziziritsa zosiyana msinkhu pa tchipi yomweyo, yomwe ndi mtima wa khadilo. Achimwene anu awerenge muyeso wa khadi lenilenilo lomwe akugula.

Tsopano tiwerenge kutentha. Purosesa yanu, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, inalembedwa mawati 65, koma ikapanikizika ndi ntchito imaloledwa kukoka mpaka mawati 88, pomwe khadi la RTX 4070 limakoka mawati 200. Mukaphatikiza zotsalazo mwadutsa mawati 300, ndipo magetsi onsewo amathera kukhala kutentha. Tayerekezani mababu atatu akale aja a mawati 100 atayatsidwa m'kati mwa chigubu, ndipo muona kukula kwa ntchito yomwe mafani ali nayo. Masamu amenewa akuonetsanso chinthu chomwe ambiri sachiganizira, chakuti ng'anjo yaikulu m'bokosi lanu si purosesa ayi, koma khadi la zithunzi, lomwe limatulutsa kutentha koposa kawiri. Anthu amatayira ndalama zambiri pa choziziritsa purosesa n'kuiwala kuti khadi likupumira pati.

Ubwino wa kamangidwe ka NR200P uli pomwepa. Khadi limakoka mpweya wa kunja kudzera pansi, mpweyawo ukatenthedwa umakwera, ndipo pamwamba pali malo a mafani awiri a mamilimita 120 omwe ayenera kuutulutsira kunja. Njira imeneyi, yolowera pansi n'kutulukira pamwamba, ndiyo muyenera kuisamala kuposa china chilichonse. Bokosi likhale pa tebulo kapena pa thabwa losalala, osati pa kapeti kapena pa nsalu zomwe zingatseke mabowo a pansi, ndipo pamwamba pake pasakhale posanjikiza mapepala kapena zikwama za makamera. Pomanga mafani onetsetsani komwe akuwuzira: mpweya umatulukira mbali yomwe kuli timitanda togwira injini ya fani, ndipo mafani ambiri ali ndi timivi m'mphepete tosonyeza zimenezi. Pansi palinso malo a mafani awiri othandiza khadi, koma ngati khadi lanu ndi lokhuthala, mafani wamba a mamilimita 25 sangakwane, ndipo mudzafunika opyapyala a mamilimita 15. Ine ndingati yambani popanda mafani a pansiwo, muone momwe khadi likutenthera, kenako mugule ngati pali chifukwa.

Bokosili limabwera ndi zitseko ziwiri za kumanzere, china cha galasi ndi china cha chitsulo cha mabowo. Galasi ndi lokongola, ndipo sindikukana kuti makasitomala obwera kudzaona kanema wa ukwati wawo angasirire timagetsi ta mkati, koma galasi silipuma. Kuno kwathu valani cha mabowo, ndipo cha galasicho chisungeni m'katoni yake.

Pa funso lanu lenileni, la madzi kapena mpweya, yankho langa ndi lakuti gulani cha mpweya. Choziziritsa cha mpweya ndi mulu wa timalata topyapyala tolumikizidwa ndi timapaipi ta mkuwa, ndipo fani imawuzira pa timalatato. M'bokosi limeneli msinkhu wake usapitirire mamilimita 155 mukavala chitseko cha mabowo, kapena 153 mukavala cha galasi. Apa ndi pomwe mayina otchuka amapusitsa anthu, chifukwa NH-D15 ya kampani ya Noctua ya ku Austria ndi ya mamilimita 165 ndipo NH-U12A ndi ya 158, zonse zopitirira muyeso womwe opanga bokosi analemba. NH-D12L ya mamilimita 145 ndi NH-U9S ya 125 zimalowa popanda kulimbana nazo, ndipo pa purosesa ya mawati 65 iliyonse mwa ziwirizi ndi yokwanira. Ryzen 5 7600 yogulidwa m'bokosi lake imabweranso ndi kachoziziritsa kakekake kotchedwa Wraith Stealth, komwe kamagwira ntchito ndithu, kungoti kamachita phokoso ntchito ikatalika ngati mmene imatalikira potulutsa kanema wa tsiku lonse la ukwati.

Cha madzi chimalowa, pakuti m'mbali muli chitsulo chomangirapo rediyeta yofika mpaka mamilimita 280, bola chitseko chikhale cha mabowo. Koma pali zinthu ziwiri zomwe otsatsa malonda sakonda kunena. Choyamba, madzi sachotsa kutentha, amangokunyamula kuchoka pa purosesa kupita ku rediyeta, ndipo kumeneko ndi mpweya womwewo wa m'chipinda chanu womwe umakuchotsa, monga zimachitikira pa rediyeta ya galimoto. Ngati m'chipinda mukutentha, madzi nawonso atentha. Chachiwiri, m'kati mwake muli pampu yomwe imazungulira nthawi yonse kompyuta ikayaka, ndipo pakapita zaka pampu imatha kufooka, madzi nawo amaphwera pang'onopang'ono. Pampu ikafa, purosesa imatentha m'kanthawi kochepa ndipo ntchito imaima mpaka mutapeza chida chonsecho chatsopano, pomwe pa choziziritsa cha mpweya chomwe chingafe ndi fani yokha, yomwe mungaipeze m'masitolo a makompyuta a m'tauni tsiku lomwelo. Madzi ndi oyenera pa mapurosesa akuluakulu omwe amakoka mawati opitirira 200, ndipo yanu siili m'gulu limenelo. Ngati mutaumirirabe pa madzi, onetsetsani kuti pampu isakhale pamwamba kuposa nsonga ya rediyeta, chifukwa mpweya wotsalira m'madzimo umathamangira pamalo okwera, ndipo ukasonkhana m'pampu imalira ngati mpopi womwe wangobwera kumene madzi, komanso imatha msanga.

Za kupsa musade nazo nkhawa kwambiri. Purosesa ya mtundu wanu ili ndi malire a madigiri 95, ndipo ikafika pamenepo imadzichepetsera yokha liwiro, ndipo khadi la zithunzi nalo limachita chimodzimodzi pa malire ake. Chomwe kutentha kungakulandeni ndi nthawi, chifukwa kanema adzachedwa kutuluka, komanso mtendere, chifukwa mafani adzalira. Kumbukiraninso kuti manambala omwe mumaona pa intaneti kawirikawiri amayezedwa m'zipinda zozizira za madigiri a m'ma 20 koyambirira. M'chipinda chanu mukafika madigiri 32, wonjezerani pafupifupi madigiri 10 pa nambala iliyonse yomwe mwawerenga, chifukwa zipangizo zimakwera kutentha molingana ndi mpweya womwe zikupuma.

Pomanga, purosesa, RAM, SSD (chosungiramo mafayilo) ndi choziziritsa muziike pa motherboard ili panja pa tebulo. Waya wopereka magetsi ku purosesa mumulowetse motherboard isanamangidwe kwathunthu, chifukwa pakona pomwe amalowa zala sizifikapo bwino zonse zikakhala m'malo. Khadi lilowe komaliza, ndipo mawaya otsala muwamange ndi timalamba ta pulasitiki kuti asalendewere pa njira ya mpweya kapena kukhudza mafani.

FUNSO: Ndimajambula mapulani a nyumba ndipo ndimafuna kompyuta yoti ndizitha kuinyamula kuchoka ku ofesi kupita kunyumba. Ndaona bokosi la Fractal Design Terra, koma pa zithunzi khadi la zithunzi lili kuseri kwa motherboard ndipo sindikuona mafani. Kodi limazizira bwanji? — Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: Mayi, bokosi lomwe mwaonalo ndi la kamangidwe kena, komwe amisiri amakatcha sandwich. Pakati pa bokosi pamaima khoma lachitsulo, motherboard imamangidwa mbali imodzi, khadi mbali inayo, moti ziwirizi zimafulatirana, ndipo zimalumikizidwa ndi chingwe chophwatalala chotchedwa riser. Kamangidwe kameneka n'komwe kamachititsa kuti Terra, yomwe kampani ya ku Sweden imeneyi inatulutsa mu 2023, ikhale ya malita 10.4 okha, ndipo bokosi lina lotchedwa DAN A4-SFX, lomwe linatchukitsa njirayi, ndi la malita 7.2.

Mafani a bokosi sakuoneka chifukwa chipangizo chilichonse chimadzipumira chokha. Choziziritsa purosesa chimakoka mpweya kudzera m'mabowo a chitseko cha mbali yake, khadi nalo limakoka kudzera m'chitseko cha mbali inayo, ndipo mpweya wotentha umatulukira pamwamba. Pansi pali malo a fani imodzi yokha ya mamilimita 120. Njirayi imagwira ntchito bwino kuposa momwe munthu angaganizire, chifukwa palibe chipangizo chomwe chimapuma mpweya womwe chinzake chatenthetsa kale.

Vuto lake ndi msinkhu wa choziziritsa. Pa Terra khoma la pakati lija limasuntha, ndipo choziziritsa purosesa chimapeza malo kuyambira mamilimita 48 mpaka 77, koma milimita iliyonse yomwe mwapatsa purosesa mwailanda khadi. Zili ngati bulangete lalifupi m'nyengo ya chisanu, loti mukafunda kumutu mapazi ali pamtunda. Choncho yambani mwasankha khadi, muone kukhuthala kwake, ndipo malo otsalawo ndiwo akuuzeni choziziritsa chomwe mungagule. Noctua NH-L9 ndi ya mamilimita 37 ndipo imalowa paliponse, koma mphamvu yake ndi yochepa, pomwe NH-L12S ya mamilimita 70 imaziziritsa bwinoko koma imafuna khadi lopyapyala komanso RAM yaifupi, chifukwa imayandama pamwamba pa RAM. M'bokosi lotere musapitirire purosesa ya mawati 65. Siyaninso mpata wa mamilimita angapo pakati pa fani ndi chitseko, popeza fani ikayandikira kwambiri mabowo imatulutsa kaphokoso ka likhweru komwe kamatopetsa munthu wokhala nayo pafupi tsiku lonse. Ngati motherboard yanu ili ndi malo awiri a SSD, ikani SSD yaikulu pa malo a kutsogolo, chifukwa a kumbuyo amakhala m'kati mwa sandwich momwe mpweya sufika, ndipo ma SSD ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito osapitirira madigiri 70.

Poti mukufuna kumainyamula, pali chabwino china: choziziritsa chachifupi n'chopepuka ndipo sichigwedeza motherboard galimoto ikamadumpha m'maenje a pamsewu.

FUNSO: Kompyuta yanga yaing'ono inkagwira bwino, koma chaka chino ikumalira kwambiri ndipo ikumachedwa masana. Ndachotsa chitseko cha m'mbali n'kuika fani ya m'nyumba kuti iziwuziramo, ndipo zasinthako. Kodi ndingapitirize chonchi? — Wowerenga wa ku Nchalo

YANKHO: Achimwene, ku Chigwa cha Shire komwe masana ena a chilimwe amadutsa madigiri 40, kompyuta iliyonse imayamba ntchito ili kale pampanipani, choncho sindikudabwa. Zomwe mwachitazo ndi njira yabwino yopezera vuto koma si mankhwala. Ngati kuchotsa chitseko kwatsitsa kutentha kwambiri, ndiye kuti bokosi lanu likusowa mpweya, ndipo poti kale linkagwira bwino, woyamba kumukayikira ndi fumbi. Bokosi laling'ono lili ndi mabowo ochepa olowera mpweya, moti sefa imodzi ikatsekeka palibenso njira ina.

Zimitsani kompyuta, zulani waya ku khoma, tulutsani masefa ndi kuwatsuka, ndipo muwabwezere atauma gwa. Timalata ta choziziritsa ndi ta khadi muwuzire ndi blower (makina ouzira mpweya) muli panja, koma mafani muwagwire ndi chala kuti asazungulire mopitirira muyeso, chifukwa zimenezo zimawononga mabeyaling'i ake. Power supply muiwuzire kunja kokha, musaitsegule, chifukwa m'kati mwake muli zida zomwe zimasunga magetsi oopsa ngakhale waya atazulidwa. Ngati papita zaka zingapo choziziritsa chisanachotsedwepo, thermal paste (phala lodutsitsa kutentha) yomwe ili pakati pa purosesa ndi choziziritsa mwina inauma, ndiye muipukute n'kudontheza yatsopano yofanana ndi kanjere ka nandolo.

Mukatha, onani momwe mafani anu aliri. Kumalo a fumbi ndi bwino kuti mpweya wokankhidwira m'kati kudzera m'masefa uchulukeko pang'ono kuposa wotulutsidwa, chifukwa otulutsa akachuluka bokosi limayamwa mpweya kudzera m'ming'alu yonse yopanda sefa, ndipo fumbi limalowa nawo. Kuchotsa bokosi pansi n'kuliika pa tebulo, kutali pang'ono ndi khoma komanso osati m'kabati, kumachepetsanso fumbi lomwe limameza.

Njira yomwe ndimaikonda koposa kumalo otentha ndi yosalira ndalama, yochepetsa magetsi omwe zipangizo zimakoka. Mapurosesa a Ryzen ali ndi njira yochepetsa magetsi yotchedwa Eco Mode, yomwe imayatsidwa mu BIOS (tsamba la makonzedwe a motherboard lomwe mumalowamo kompyuta ikamayaka), ndipo malire a magetsi a khadi mungawatsitse ndi pulogalamu ya MSI Afterburner. Mawati omalizira omwe opanga amakankhira m'zipangizo amabweretsa kutentha kochuluka koma liwiro lochepa, moti mukawadula simumva kusiyana kwenikweni pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ikani pulogalamu ya HWiNFO kuti muone madigiri musanasinthe ndiponso mutasintha. Chitsekocho chibwezereni, chifukwa bokosi lotseguka limaitana fumbi lochuluka, mphemvu zomwe zimakonda malo ofunda, ndi tizala ta ana.

FUNSO: Ndili ndi NR200P ndipo ndaimika khadi chilili kuti lizioneka pa galasi, pogwiritsa ntchito chingwe chomwe chinabwera ndi bokosi. Mafani akuzungulira koma sikirini ili bii. Kodi ndawononga khadi? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, mwina khadi lanu lili bwinobwino. Mabokosi oyambirira a NR200P ankabwera ndi chingwe cha riser cha PCIe 3.0 (PCIe ndi njira yolumikizira khadi ku motherboard, ndipo nambalayo imasonyeza liwiro lake), ndipo ngati motherboard ndi khadi zanu zonse ndi za PCIe 4.0, zimayesa kulankhulana pa liwiro lomwe chingwecho sichingakwanitse. Chotsani riser, lowetsani khadi mwachindunji pa motherboard, lowani mu BIOS, sinthani liwiro la polowetsa khadi kuchoka pa Auto kupita pa Gen 3 (lomwe ndi liwiro la PCIe 3.0), sungani, kenako bwezerani chingwecho. Dziwani kuti BIOS ikadzabwerera pa makonzedwe ake oyamba, mwachitsanzo kabatire ka pa motherboard kakatha, mudzafunika kubwerezanso zonsezi, pokhapokha mutagula riser ya 4.0.

Musanavutike ndi zimenezi, ganiziraninso ngati kuimika khadi kukupindulirani. Khadi loima limakhala kutsogolo kwa purosesa, moti choziziritsa purosesa chimangotsala ndi malo a mamilimita 76 m'malo mwa 155, ndipo mafani a khadi amayang'anizana ndi galasi lomwe lili pafupi nawo kwambiri. Ine ndikanaligoneka pansi pomwe pali mabowo, n'kusunga chingwecho m'kabati.